Kakowa wa Pakhoma Langa

Lolemba
Adokotala akuti magazi anga akuthamanga ngati njinga yopanda mabuleki. "Bambo, pezani chochita choti mtima uzikhala pansi." Chabwino. Ndijambula kakowa pakhoma la nyumba, mbali yoyang'ana msewu wa ku Marka. Zipangizo: laimu, katondo, makala osinja, phesi la kanjedza lotafuna kunsonga, ndi rula yanga ya ku ofesi. Ukalaliki zaka zonse zija, mzere sunandikhotepo. Ndiye mbalame indivute?

Lachiwiri
Miyendo. Kujambula, kufufuta, kujambula, kufufuta. Wakumanzere ukungotalika ndi theka la inchi. Amake Zuze, akazi anga, akuti, "Akakowa a ku Nyachikadza munawayezapo ndi rula?" Ndikuyezanso. Mtima ukugundira m'khutu.

Lachitatu
Laimu watha, wathera kufufuta! Basi, kakowa akhale wakuda, makala alipo. Mlomo ndi katondo. Dzanja laphonya, dontho lofiira lagwera pamutu. Dzuwa la kuno nalo, ndisanapukute lauma kale. Ndakwiya kwambiri.

Lachinayi
Tsoka ilo! Atcheyamani a chipani aima pamsewu, manja kumbuyo. "Tambala wakuda wa chipani chathu, pyadidi, zabwino ndithu. Koma kuwonda chonchi, bambo? Mukufuna kutanthauza chiyani?" Ndinene kuti ndi kakowa? Wakuda, wofiira pamutu? Anthu atengedwapo pa nkhani zochepa kuposa iyi. Akuti abweranso Loweruka.

Lachisanu
Kunenepetsa. Rula ndaponya pakhonde, nthawi yoyeza palibe. Ndikupaka ndi chikhatho: chifuwa, mimba, mchira. Amake Zuze akuwonjezera ntchafu, akuseka mpaka misozi. Zodabwitsa, dzuwa lapendeka ine osadziwa. Ndikungozindikira ndikuimba mluzu, makala mpaka m'zigongono. M'khutu muli zii.

Loweruka
Atcheyamani akuyang'ana, akuyang'anabe. Khosi la kakowa, thupi la bakha, miyendo yosiyana. Ine thukuta kamukamu. "Eya, ameneyu ndiye tambala wodya bwino." Apita! Ndakhala pansi pa msawu.

Lamulungu
Ochokera kutchalitchi akuima kuti aone. Akuluakulu akuti tambala, mokweza. Kamtsikana kena kati mvuu, amake akatseka pakamwa. Kufufuta sindingathe, angafufute tambala ndani? Kukonza ndikuopa, angawondenso. Akhala choncho mpaka mvula idzagamule yokha.

Ndakoka mpando, ndikumuyang'ana. Mwendo wakumanzere ukadali wautali ndi theka la inchi. Ndi chinthu choipa kuposa zonse zomwe ndapangapo, koma ndikusangalala nacho, sindikunama. Mawa ndiyamba mvuu kuseri kwa nyumba, kopanda msewu. Rula ayitenga amake Zuze, akuingitsira nkhuku.