Amayi Akukana Kupita ku Nyenyezi

Lolemba
Mlongo wanga Esinati akubwera Loweruka! Zaka zisanu ndi zitatu osaponda ku Makhanga. Buku lake, la anthu othawa madzi n'kukakhala ku nyenyezi, akuti likuwerengedwa mpaka ku Japan. Kuno Amayi amangodziwa zoti "amalembalemba", basi. Zimandipweteka. Pulani: ndiziwawerengera bukuli m'Chichewa masana aliwonse, kuti pofika Loweruka amulandire momunyadira.

Lachiwiri
Mutu woyamba, pansi pa bwemba. Omvera: Amayi, amalume, azimayi anayi ochokera kudimba, mbuzi yomwe amalume alonjeza kupha Loweruka. Chombo cham'mlengalenga ndachitcha bwato lalikulu. Andiombera m'manja!

Lachitatu
Mutu wachiwiri. Madzi amiza chigwa chonse, akuluakulu alamula aliyense kukwera bwato. Amalume: "Si zija zotisamutsira kumtunda izi? Angosintha dzina." Ndikuwauza kuti ndi nkhani yopeka, ya zaka mazana kutsogoloku. Akuti aja amabwera pamagalimoto madzi akasefukira amayambanso mokoma chonchi.

Lachinayi
Nkhani yafika kudooko. Akuti Esinati watumidwa kudzalemba mayina a osamuka. Ovina odzamulandira: akana. Mbuzi: yabwerera kukhola. Amayi: "Nkhabe, sindisamuka! Manda a bambo ako ali pano, dimba lili pano. Ngati akubwerera zimenezo, atembenukire pa Shire pomwepo." Ndili ndi mantha. Mwanayu akuwoloka nyanja kudzapeza chitseko chotseka, chifukwa cha ine.

Lachisanu
Mutu wachitatu. Omvera: palibe. Kunena zoona, inenso bukuli ndinalekezera pomwepa chaka chatha. Chingerezi chake n'cholimba ngati mlamba wowamba. Koma aliyense ndimamuuza kuti ndinalimaliza kawiri.

Loweruka
Wafika pabwato, nsapato m'manja. Ng'oma palibe, nthungululu palibe. Amayi afulatira, akusenda mbatata. Ndikumufotokozera monong'ona. Esinati akundifunsa:
"Achimwene, simunalimalize, eti?"
Akugwada pafupi ndi Amayi, akutsegula tsamba lomaliza, akuwawerengera m'Chisena. Onse apita ku nyenyezi. Mayi mmodzi wakana kukwera, watsala, ndipo madzi ataphwa akubzala mbatata m'matope. Esinati akuti mayi ameneyu ndi amene akuliza owerenga dziko lonse, ena mpaka amamujambula pamalaya. Dzina lake ndi la Amayi.
Mpeni waima.

Lamulungu
Mbuzi yaphedwa. Kutchalitchi Amayi akuuza aliyense kuti ku Japan amawadziwa. Pobwerera agwira Esinati dzanja njira yonse, akumufunsa ngati mbatata ya m'bukumo inabereka. Ine ntchito yanga ndi yotsuka matumbo, ndipo amalume andipatsa dzina, Mutu Wachitatu. Dzinali lindikakamira, ndikudziwa. Ndayambiranso kuwerenga. Yatsala mitu makumi awiri ndi isanu.