Eyiti Wogona wa Alamu

Lolemba
Pepa kabuku kanga pokuvutitsa, koma ndilibe wina womuuza. Ndapeza ntchito ya muofesi! Alamu, amuna a achemwali, akuphunzira masamu ku yunivesite kuno kunja, ku Newcastle. Andipatsa mapepala olemba pamanja kuti nditaipe pa kompyuta, aphunzitsi awo azitha kukonzamo. Akuti, "Ukachita bwino ndikulembetsa kosi ya kompyuta ku koleji." Ine wa Sitandade 8! Ndavina m'bafa, chitseko chokhoma.

Lachiwiri
Mawu ndataipa onse, ndi zala ziwiri. Koma masamuwo, mayo! Muli njoka yoimirira, foloko, M wogwa chammbali, ndi eyiti wogona. Pa kiyibodi palibe ngakhale chimodzi. Ndifunse alamu? Manyazi.

Lachitatu
Nzeru zabwera! Ndapeza pojambulira zithunzi pa kompyuta pomwepo. Ndikujambula ndi mausi, kadontho kadontho, n'kumata pakati pa mawu. Njoka yatuluka yokongola kuposa ya alamu. Tiyi wazizira, ndilibe naye ntchito.

Lachinayi
Dzanja latupa. Eyiti ogona aja ndawadzutsa onse, aima chilili. Alamu amalemba atatopa ndi shifiti yakuntchito, nanga si eyiti mpaka kugona nawo. Sindiwauza, angachite manyazi.

Lachisanu
Alamu atumiza kwa aphunzitsi osayang'ana n'komwe. Amandidalira! Ndadzera ku koleji, ndasuzumira pawindo, mpando wanga ndasankha kale. Wa pafupi ndi hita, pofunda.

Loweruka
Aphunzitsi ayankha. Akuti akufuna kusintha nambala imodzi, koma akadina, chithunzi chonse chikusuntha. Alamu andiitana, adina kabatani kena pamwamba. Njoka, foloko, zonse zili momwemo, zopangapanga! Kenako ayang'anitsitsa pa kompyuta. "Mlamu, infinity wanga ali kuti?" Kani eyiti uja amagona dala! Akuti ndi chizindikiro cha chinthu chopanda malire. Achemwali, yunifomu yakuchipatala ili m'thupi, aseka mpaka kukhala pansi. "Mwana uyu amadzutsa ndi manambala omwe!"

Lamulungu
Alamu sanapite kutchalitchi, akutaipa okha kuyambira tsamba loyamba. Za kosi, zii. Ine ndili pambali, ntchito yanga kuwalozera pomwe ndinadzutsa eyiti kuti amugonekenso. Sindinaiwale ngakhale mmodzi. Njoka yanga achemwali aisindikiza, aimata pafiriji.

Kabuku iwe, za kosi ndifunse mawa, kapena ndidikire alamu ayambenso kundiyankha moni? Yankha msanga.