Don Aristóbulo ndi Seveni Koloko Yake

Ku Punta Guabal mukatchula dzina la Don Aristóbulo Chamorro, ngakhale mwana wa dzulodzuloli akuuzani kuti ndi bambo uja ankayendetsa boti ngati basi. Nanga akanatani? Moyo wake wonse anathera pa chiwongolero m'mapiri a ku Pasto, ndipo nyanja anaionera kuukulu, atapuma pa ntchito n'kutsatira mkazi wake Nemesia kumudzi kwawo. Penshoni yake anagulira boti la injini, n'kumangirirapo hutala ya basi yake yakale. Akafuna kukhota ankatulutsa dzanja. Akayandikira doko, phazi linkafufuza buleki pansi mpaka boti phuu! pa matabwa.

Koma nthenda yeniyeni inali nthawi. Kugwe mvula, kuwale dzuwa, mkuluyu ankanyamuka seveni koloko m'mawa kukaoda katundu wa kagolosale kawo ku tauni ya kutsidya. Tsono nyanja yathu ilibe bwana. Imadzaza n'kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mawa lake imachedwerako. Seveni ya lero madzi afika m'khosi, seveni ya sabata yamawa mupeza matope okhaokha.

"Alamu, dikirani madzi abwere," ankatero Cirilo, mchimwene wa Nemesia, msodzi chibadwire.

"Ine kudikira madzi? Sindinadikirepo ngakhale bishopu. Nyanja ikachedwa, ipeza basi itapita."

Ndipo basi inkapitadi, mpaka pakati pa matope. Amayi okatola nkhono ankamupeza ali tsonga m'boti, tayi ili pakhosi, ambulera ali pamutu, nkhanu zikumuzungulira.

"Adalaiva, yafa kodi?"

"Yafa bwanji? Ndaima pa siteji. Alipo wokwera?"

Tsiku lina amayiwo anakweradi ndi madengu awo, nalipira nkhono, n'kumacheza mpaka madzi atabwerera. Atafika kumudzi anawatsitsa mmodzimmodzi, aliyense pakhomo pake.

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, koma Nemesia sankaseka nawo. Matope sapha munthu. Chimene ankaopa ndi pakamwa pa mtsinje wathu, polowera m'nyanja, pamene madzi akamaphwa amathamangira kunyanja n'kukagundana ndi mafunde pamwamba pa mchenga. Pamenepo boti limagudubuzika ngati chikho, ndipo bambo ake omubala anathera pomwepo. Anamuchonderera mwamuna wake, analira, anabisa nsapato zake, koma zinkangolowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndiye mayiyu anapeza nzeru. Don Aristóbulo ankakhulupirira wotchi imodzi yokha padziko lapansi, chiwotchi cha pakhoma chimene anamupatsa ku depoti potsanzikana. Mwamuna akangopita kosamba madzulo, Nemesia ankakwera pampando n'kusuntha mivi, kuti seveni ya mawa igwere pamene madzi adzaza. Mudzi wonse unalowa m'chiwembucho. Wailesi ikati inene nthawi, wina ankatsokomola mwamphamvu. Ngakhale woimba belu la kutchalitchi ankayamba wasuzumira kwa Nemesia.

"Mayi, dzuwa la kuno ndi lamwano," ankadandaula mkuluyu. "Seveni koloko, ilo lafika kale apo!"

"Ndi la kunyanja, bambo, silinapite kusukulu. Imwani khofi asazizire."

Masiku ena seveni inkakwana kusanayere n'komwe, ndipo mlandu unkagwera atambala kuti ndi aulesi. Koma boti linkadutsa pakamwa paja mwamtendere ngati pa tala.

"Mwaona, alamu?" ankadzitama kwa Cirilo. "Nyanja ndaiphunzitsa mwambo. Masiku ano ndikafika ndimaipeza ikundidikira."

"Ndinu dolo, alamu," ankayankha Cirilo, ataluma mlomo.

Zinayenda choncho zaka ndithu, mpaka mwana wawo Wilmer atabwera pa Khirisimasi kuchokera ku Cali ndi mphatso ya foni. Mwana wabwino, wosadziwa kanthu. Nemesia anaitembenuza uku ndi uku, koma foni ilibe mivi yoti n'kusuntha. Don Aristóbulo anayang'ana foni, nayang'ana pakhoma, n'kupukusa mutu.

"Wotchi yanga yakalamba, mayi. Yayamba kunama."

Wilmer atabwerera, m'mawa wina foni itaonetsa seveni, madzi akuphwa mwaukali, Nemesia anaona mwamuna wake akumanga tayi. Anaima pakhomo n'kuulula zonse: mpando, mivi, wailesi, belu. Ankayesa kuti mwamunayo aseka, kapena akalipa. Koma mkuluyu anangofunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kuti nonsenu munkadziwa? Ndi alamu omwe?"

"Tinkakufunani wamoyo, bambo."

"Munkandiyesa mwana."

Anamusuntha pang'onopang'ono, mwaulemu, monga ankachitira ndi okwera otsekereza pakhomo la basi, n'kutsetserekera kudoko. Cirilo ndi anzake anali atalawirira kutali kukaponya maukonde. Nemesia anathamanga m'mbali mwa mtsinje akukuwa, mpaka anaona ndi maso ake boti likukwera funde loyamba, lachiwiri n'kuligwira cham'mbali. Asodzi anapeza mtembo wake mawa lake m'mizu ya mitengo ya m'matope.

Pamaliro panali anthu ochuluka moti mpunga wa kokonati unaperewera. Wina akayamba nkhani ya siteji ya m'matope, anthu ankaseka pang'ono, kusekako n'kuthera m'khosi. Tinkamukonda bambo ameneyu, ndipo tonse tinali ndi manyazi.

"Achimwene, tinalakwa," Nemesia anauza Cirilo atachoka kumanda. "Zaka zonsezi, sitikanamutenga tsiku limodzi n'kukakhala naye pamchenga, aone yekha mmene madzi aja amathamangira? Tinaona ngati kunama n'kosavuta."

Cirilo anangovula chipewa.

Punta Guabal pano m'mawa kumangoti zii. Maboti amanyamuka ndi madzi, aliyense wanzeru, ndipo palibenso chocheza pa khofi. Nthawi ya tchuthi kumabwera anthu a kutauni ndi maboti awo onyezimira, ofulumira ngati amene. Kale tikanakhala pamthunzi kudikira kuti tiseke. Masiku ano Nemesia amatseka golosale, kutsetsereka ndi ndodo yake, n'kumugwira mlendoyo pamkono.

"Mwanawe, tiye kaye ukaone pamene ndinatayira mwamuna wanga. Ukaona, upite ngati ukufuna."