Khoswe Amene Anaphukira Pawindo Panga

Mpaka lero ndikamadutsa pampope pa yadi yathu ku Kalingalinga, azimayi amagwira mphuno n'kuyamba kuseka. Ndinaziputa ndekha.

Ine Loweruka ndimaumba timiphika ta maluwa. Dongo ndimakakumba kudambo, utuchi wowotchera amandipatsa akalipentala a m'mbali mwa msewu. M'timiphikamo ndimadzala timaluwa tija tonenepa, tosafuna madzi ambiri (mpope wathu umatulutsa madzi ukafuna, ndiye timagwirizana). Kena anandithyolera mnzanga wa kuntchito, ka timitengo tobiriwira tonga zala. Ndinakaumbira mphika wakewake. Ndinkafuna bakha, koma potuluka pamoto anali kadzidzi weniweni, maso ali tong'o. Ndinamuika pawindo, chakunja.

Zaka ziwiri, duwa osaoneka. Kenako panatuluka chotupa, ndipo Lachinayi lina m'mawa ndinapeza chitatseguka: chiduwa chonga nyenyezi, chofiirira, chaubweya, chachikulu ngati chikhatho. Ndinakuwa ndi chimwemwe! Ndinachijambula pafoni n'kuthamangira kuntchito.

Pobwera ndinapeza yadi yonse ili panja. Fungo lake, abale inu! Eni nyumba, Bamake Mutinta, anali atamanga chitenje kumphuno.

"Pali koswe wakufa pano," anatero. "Aliyense asakile mu nyumba mwake."

Apa m'pamene pakamwa panga panandipereka. Fungolo linkamveka kwambiri pakati pa khomo langa ndi la Bamake Junior, amene ndinali nawo kale kampeni kumphasa chifukwa amataya madzi otsukira tinsomba ta kapenta pafupi ndi maluwa anga.

"Si koswe iyi, ni doti!" ndinatero mokweza, diso lili kwa iwo. "Pali benangu pano sibaziba kusuka. Ba landilodi, uyo tizapeza na chonunkha alonge katundu achoke!"

"Mwakamba mweka," anavomera Bamake Mutinta. "Tizachita so."

Bamake Junior anatulutsa zonse: bedi, mapoto, thumba la makala, mpaka nsapato za ana, misozi ikulengeza m'maso. Amuna awo anakwera padenga kukasuzumira pansi pa malata. Ine ndili chiimire, manja m'chiuno, kumaloza kuti apo simunayang'ane (Mulungu andikhululukire). Khoswe osapezeka.

Mwadzidzidzi Bamake Junior anaima chilili. "Nanga izi nchenche zonse ziyenda kuti?"

Tinazitsatira ndi maso. Ntchentche zobiriwira zija za kuchimbudzi zinali zitaunjikana pawindo panga, pa duwa langa lenilenilo. Bamake Mutinta anamasula chitenje, anawerama, ananunkhiza kamodzi kokha, n'kubwerera chambuyo akuitana Yesu.

Nanenso ndinanunkhiza. Mayo ine! Nyama yowola ya masiku anayi! Ndani akanaganiza kuti duwa lingachite munthu chipongwe chotere?

"Na mu kadzidzi futi!" anakuwa Bamake Mutinta. "Duwa ya bweya, inunkha chitumbi cha munthu wakufa, mu kadzidzi! Imwe, mufuna kutichita chani pano?"

Ndinayesa kufotokoza kuti ndi bakha. Palibe anaseka. Ndinaimbira mnzanga uja n'kukweza foni kuti onse amve. Iye kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mwamene ichitila iyo," anatero. "Siifuna njuchi, iitana nchenche. Sininakuuze?"

Sanandiuze, mfiti ameneyo.

Bamake Mutinta anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Lamulo munaika mweka. Manje muyamba kulonga liti?"

Nyumba imeneyi ndinaifunafuna miyezi yambiri, ndipo kuntchito ndimapita wapansi. Manyazi ndinawaika pambali. Ndinagwada pafumbi pamaso pa Bamake Junior, yadi yonse ikuonerera, n'kupepesa ndi manja awiri. Anandisiya ndili chigwadire mpaka mawondo anachita dzanzi.

"Basiyeni bankale," anatero potsiriza Bamake Junior, akuuza eni nyumba. "Koma katundu yanga yonse babweze mukati, beka."

Ndinasenza bedi, ndinasenza makala, eni ake atakhala pampando akundiuza kuti apo simunaike bwino. Duwa analidula n'kuliponya m'chimbudzi, kadzidzi anamuthamangitsira kuseri kwa nyumba.

Phunziro ndinalimva, kuti pakamwa m'pofunika kugwira. N'chifukwa chake dzulo, nditapeza kuti kuseri kuja kwatuluka zotupa zina zitatu, ndinangothirira mwakachetechete, ndipo sindinauze munthu.