Alendo a Pansi pa Windo Langa

Pansi pa windo la chipinda changa panali njerwa zitatu, zoikidwa bwino ngati mipando. Ndinaziona ndikusesa, ndinangozisiya poti panalibe womufunsa. Nkhani ya njerwazi imandichititsa manyazi mpaka lero, koma ndiinena.

Nditayamba ntchito ku Ntchisi Boma ndinkakhala ndekha m'kanyumba ka lendi kumtunda kwa msika. Ine ndine wamanyazi chibadwire. Moni ndimayankha, koma kuti ndiyambe ine pakamwa pamalemera. Ndiye ndinagula rauta, kabokosi ka wayifayi, kuti madzulo ndizicheza ndi anzanga a ku koleji pa intaneti. Ndinailumikiza ndekha, laputopu ndi foni zonse zinagwira. Za pasiwedi ndinati ndiika mawa.

Sabata isanathe kunayamba kubwera alendo. Oyamba anali mayi Nabanda a nyumba yoyandikana nayo, amene chibwerereni changa anali asanandifunsepo ngakhale dzina. Kenako atsikana a ku saluni, kenako bambo wina wa kabaza. Ankaodira, ine nkuyankha, iwo nkukhala.

Mtima wanga unadzaza. Ndinkayala mphasa, kukazinga mtedza, kuphika tiyi wamkaka. Ankalandira ndi dzanja limodzi, lina lili pa foni. Sankayankhula zambiri, ine nkumati ndapeza amanyazi anzanga. Ndinaimbira mayi anga ku Dzoole kuti asamade nkhawa, kuno anthu amandikonda. Bandulo ikatha msanga ndinkangoti makampaniwa ndi akuba. Chinkandidabwitsa nchimodzi: ndikakokera mphasa pamthunzi wa mango, iwo ankaibweza pansi pa windo, padzuwa.

Loweruka lina anadzaza. Azimayi pamphasa, azibambo panjerwa, onse mitu pansi, zii. Agogo ena odutsa mumsewu anatsika panjinga, kuvula chipewa, nkudzakhala mwaulemu kumbali ya azibambo. Patapita kanthawi anandiyang'ana ine, nditamanga chitenje, ketulo ili m'manja.

"Pepani mayi. Watisiya ndani?"

Anayankha ndi mayi Nabanda, osadzutsa nkomwe mutu.

"Kulibe maliro kuno, agogo. Ndi wayifayi ya achemwali awa, ndi yaulere. Inu foni yanu ndi ya mabatani?"

Ndinaika ketulo pansi, ndinalowa m'nyumba. Ndinatsegula laputopu nkuika pasiwedi yaitali, ya manambala ndi zizindikiro, monga anatiphunzitsira ku koleji. Panja wina anakuwa kuti, "Yathawa!" Kenako ndinamva masilipasi akutuluka pabwalo. Nditasuzumira, panatsala agogo aja okha, akumaliza tiyi wa munthu wina. Anathokoza, anati ndi bwino kuti tonse tili moyo, nkukwera njinga.

M'mawa mwake ndinasesa, ndinaunjika njerwa zija kuseri, ndinaphika tiyi wa munthu mmodzi. Ndikumwa ndinamva odi. Anali mayi Nabanda, akumwetulira.

"Achemwali, takhala pamodzi nthawi yonseyi. Paja dzina lanu ndani?"

Ndinamva kutentha m'maso. Ndinawauza kuti ndine Tiyamike. Anandipempha kuti nditchule pang'onopang'ono, ndipo ndinatero, iwo akulemba pa foni. Anadikira, anagwedeza foniyo, nkundiyang'ana.

"Ikukanatu. Muli ndi dzina lina?"

Mlendo akamakana mthunzi, dziwani kuti pali china chimene akuwotha.