Mtsuko wa Pambali

Lolemba
Matipate afika mpaka ku mowa. Kale kukakhala ukwati kuno ku Chia, wolawa ndinali ine ndekha, tcheyamani wa nthambi. Ndikati uwu ndi mowa, unali mowa. Lero akuti amayi atatu afulule, Lachisanu tonse tilawe, tivote, wopambana ndiye adzafulule wa ukwati wa mwana wa a Mbewe. A Mbewe omwewo amene ankandinyamulira chikwama cha makadi a chipani. Anangosintha malaya, pano mpando ndi wawo.

Lachiwiri
Ndapeza nzeru. Mawu a woledzera sakhala mlandu, kukacha anthu amangoti unali mowa. Lachisanu ndimwa, ndiimirira, ndiwamasula a Mbewe pagulu. Zoti ndinene:
ndinu bilimankhwe;
nkhafi yanga munabwereka chaka cha chilala ili kuti;
pamsonkhano munandikhazika pamkeka, inu pampando.
Ndikuyeserera kuseri kwa khola. Nkhuku zikumvetsera bwino.

Lachitatu
Chimfine. Mphuno zatseka. Mayi a kunyumba akuti, "Musapiteko bambo, lilime lanu lafa." Lilime langa ili? Akazi sadziwa zinthu.

Lachinayi
Usipa ndi chinangwa kukoma kumodzi. Ndanunkhiza palafini, zii. Ndinatsala pang'ono kusiya, koma a Mbewe andipeza pagombe: "Madala, mawa mudzatiphunzitse ife ana." Mano onse pamtunda. Ndipita.

Lachisanu
Pansi pa mango. Woyang'anira mavoti ndi Che Saidi, achokera kumzikiti, akuti poti samwa sangakondere. Pa mitsuko itatu pali mzere. Ine sindiima pamzere ndi anyamata. Mtsuko wina uli pambali, pamthunzi, pafupi ndi mpando wa Che Saidi. Wa akuluakulu ndi umenewu basi. Chipanda chimodzi, chinanso. Ndikulengeza: "Mowa ndi uwu, winawo ndi madzi a m'dambo." Che Saidi akuti, "Koma madala..." Ndikuwakhazika chete, Msilamu angandiuze chiyani za mowa? Miyendo yayamba kumva. Ndikudzandira, ndikuloza a Mbewe: bilimankhwe, nkhafi, mkeka. Ndikuwonjezera za mphuno ya mkwatibwi, zomwe sindinayeserere. Ndikuyambitsa nyimbo yakale ya chipani. Palibe wothirira mang'ombe.

Loweruka
Mutu suwawa. Ndikudabwa, mwina thupi labwerera kuunyamata.
Mayi akusesa pakhomo osandiyang'ana. "Mtsuko munakakamira uja unali wa thobwa la Che Saidi ndi anzawo. Lotsekemera. Ana omwe anamwako."
Ndikuti koma ndinadzandira.
"Tinaona."
Ndiye kuti zonse zija ndinanena ndili bwinobwino. Mphuno ya mwana wa eni ake!
Masana a Mbewe atumiza nkhafi. Yatsopano, yoposa yanga ija. Ndaibisa kunsi kwa bedi.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Ndikudikira munthu mmodzi yekha anene kuti unali mowa. Palibe. Potuluka a Mbewe andigwira ndi manja awiri: "Matsire atha, tcheyamani?" Mawa ndikapepese kwa mkwatibwi, tambala wanga wofiira kumanja, popanda pobisala. A Mbewe akutinso pa ukwati pali udindo wanga, ndidzayang'anire mtsuko wa thobwa. Ndafunsa kuti wanena ndani. Akuti anthu anavota, panalibe wotsutsa.
Ndavomera. Mphuno zatseguka madzulo ano.