Chitini Chomwe Ndinakwirira Kuseri kwa Nthochi

Inu mumandidziwa kuti pa nkhani ya zodzola sindikhulupirira munthu, ngakhale m'bale wanga. Khalidwe limeneli linandivula chaka china, titangobwerera kumene kwathu ku Ngauma kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, nyumba zathu zidakali zopanda zitseko.

Kunabwera uthenga woti Abiti Juma, mayi amene anatisunga pakhomo pawo ku Namwera nthawi yonse ya nkhondo, akukwatitsa mwana wawo wamkazi m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Mayi amenewo ndi munthu wabwino, sindinganame. Koma pamudzi pawo paja ine ndinkadziwika kuti wothawa nkhondo wotuwa uja, wachitenje chimodzi, wopempha sopo. Ndiye ndinati ayi, ulendo uno akandione bwino. Ndikafike nditatchena, khungu likuwala, adziwe kuti nafenso tili ndi kwathu ndipo kwathuko kuli mtendere.

Titagulitsa fodya ndinakwera lole mpaka ku Cuamba, ulendo wophwanya msana, kukalowa m'maloja, masitolo a kumeneko. Ndinagula kireme wodzola wa m'botolo, sopo wokhala ndi pepala lakelake, kabotolo ka perefyumu, chipeso, kagalasi kodziyang'anira, mpango wotchinga dzuwa, zitenje ziwiri zatsopano zimene kuno timati makapulana, ndiponso kamtengo ka musiro, kaja amayi achimakuwa amapera pamwala n'kupaka kumaso kuti nkhope isalale. Pobwerera ndinakhalira katunduyo njira yonse, poti pa lole aliyense ndinkamuona ngati ali ndi dzanja lalitali.

Nditafika ndinayala zonse pamphasa kuti alamu anga a Rozita, mlongo wawo wa amuna anga, aone. Iwowo ankakhala nafe pakhomo pomwepo poti nyumba yawo inali isanafoleredwe. Ananyamula botolo la kireme, kulinunkhiza, n'kunena kuti, "Alamu, izi ndiye zinthu." Mawu okhawo basi. Koma ine ndinaona mmene analibwezera pansi, pang'onopang'ono, dzanja likukana.

Sipanapite nthawi kireme uja anayamba kutsika. Ine ndinali ndisanamukhudze n'komwe, ndinkasungira ulendo. Ndinajambula kamzere ndi khala pabotolo, m'mawa mwake ndinapeza wadutsa kamzereko. Mtima unandipweteka, anzanga. Ndinayamba kuwanunkhiza alamu anga tikamadutsana pakhomo, koma ankangonunkha utsi wa kukhitchini. Ndiye mukuganiza kuti ndinawachotsa mlandu? Ndinati anthu akuba ndi ochenjera, akumadzola kenaka n'kukaima dala pa utsi.

Ndinabisa kutsindwi, kireme anatsikabe. Ndinabisa m'nkhokwe pansi pa chimanga, anatsikabe. Nyumba yopanda chitseko ungabisemo chiyani? Apo m'pamene ndinakumbukira nzeru ya nthawi ya nkhondo. Masiku amenewo chilichonse chamtengo tinkakwirira pansi, mapoto, makasu, ena mpaka makina osokera, ndipo ambiri tinazipeza pobwerera.

Lamulungu ndinanamizira mutu. Onse atapita kutchalitchi ndinatenga chitini chachikulu cha mafuta ophikira chomwe tinabwera nacho ku Malawi, ndinalongamo zonse, ndinakulunga makapulana m'pulasitiki kuopa chiswe, n'kukakumba kuseri kwa nthochi zathu, m'mbali mwa njira yopita kuchitsime. Poopa kuiwala malo, ndinamanga kawaya pachigwiriro cha chitinicho n'kusiya nsonga yake itatulukira pamwamba pa dothi. Ndinabwerera kukagona ndikudziyamikira kuti mkazi wanzeru ngati ine kulibe.

Lolemba alamu anga anapita kotunga madzi. Anabwerera opanda ndowa, akuyenda chonyang'ama, n'kungonena kwa amuna anga kuti, "Achimwene, mina."

Kwa amene simunakhale kuno, mina ndi bomba lokwirira lija. Masiku amenewo mawu amenewa sanali oseweretsa, poti pamudzi pomwepo tinali ndi anthu oyendera ndodo chifukwa cha zomwezo. Waya wotuluka m'dothi m'mbali mwa njira, aliyense ngakhale mwana ankadziwa tanthauzo lake. Pasanathe nthawi malo aja anali atazingidwa ndi timitengo ndi nsanza zofiira, njira ya kuchitsime yatsekedwa, amayi onse akuzungulira kukatunga kumtsinje kutali, akutukwana amene anachita zimenezi.

Ndinati palibe kanthu, ndikazemba masana anthu akapita kumunda n'kukafukula chitini changa. Kodi amuna anga, bambo a Julieta, anapita kumunda? Anatenga mpando n'kukhala pansi pa mango, ndodo ili m'manja, kulondera ana ndi mbuzi. Ndikangoti ndilowere cha kunthochiko, iwo ali, "Mayi a Julieta, mukupita kuti? Mukufuna anawa akhale amasiye?"

"Ndimafuna kadule tsamba lokha."

"Tsambalo ndi mwendo wanu chofunika n'chiti? Bwererani."

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinangoulula. Ndikananena kuti chiyani? Kuti ndinakwirira chifukwa mlongo wanu ndi wakuba? Mlongo wake amene akundiphikira phala poti ndinali ndi mutu? Ndinati ndidikire kaye, mwina anthu atopa. M'malo motopa, akuluakulu anakaima chapatali n'kuyang'anitsitsa, ndipo anaona kuti dothi lake ndi latsopano. Ndiye kuti si bomba la nthawi ya nkhondo ayi, alipo wina akukwirira panopa, pakati pathu pomwe pano.

Maso onse anapita kwa bambo Mateyu, munthu wofatsa amene anali msilikali kale ndipo anabwera kudzalima mtendere utabwera. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Iwonso anayamba kukayikira mnzawo wina amene ankalimbirana naye malire a munda. Mudzi wonse kuyang'anana ndi diso la nkhwezule, ndipo ine, mwini chitini, ndinkakhala pakati pa amayi kumtsinje ndikupukusa nawo mutu kuti anthu ndi oipa mtima. Chakudya sichinkalowa. Ndikawaona bambo Mateyu akudutsa okha atazyolika, ndinkayang'ana kumbali.

Nthawi imeneyo anyamata ochotsa mabomba, amene tinkawatcha masapadoro, ankagwira ntchito m'mbali mwa msewu wa ku Mandimba. Wina anapalasa njinga kukawauza, ndipo anabwera ndi galimoto yawo, atavala zovala zolemera zija m'dzuwa lotentha chonchija, thukuta lili kamukamu. Mmodzi anagwada n'kuyendetsa makina awo aja pamwamba pa dothi, makina n'kulira. Inenso mumtima ndinalira nawo.

Mkulu wawo anabwera pomwe tinaima n'kunena kuti, "Pali chitsulo chachikulu, ndipo waya uyu sitikumukhulupirira. Sitifukula. Tiphulitsira pomwepo."

Makapulana anga awiri, osavalapo n'kamodzi komwe. Miyendo inanditenga yokha mpaka pamaso pa mkulu uja. Ndinati, "Pepani bambo, ndimati ndinene."

"Mukudziwapo kanthu, mayi?"

Anthu onse anatembenuka. Amuna anga, alamu anga, bambo Mateyu, amayi onse aja amene misana inali ikuwawa ndi ndowa za kumtsinje.

"Ayi," ndinatero, "ndimati nthochizo musamale nazo, zatsala pang'ono kukhwima."

Anatithamangitsira kuseri kwa tchalitchi, tonse manja kumakutu. Kunamveka kuti gu, nthaka n'kugwedezeka, nkhuku kubalalika. Kenaka kamphepo kanawomba kuchokera kunthochi kuja, ndipo mudzi wonse unayamba kununkhiza m'mwamba. Agogo ena achimuna anati, "Koma mabomba a masiku ano akumanunkhira bwino."

Titaloledwa kuyandikira tinapeza dzenje, nthochi zitagona, tinsanza tamaluwamaluwa titakolekeka m'masamba. Mkulu wa masapadoro anatola theka la chipeso, analiyang'ana, n'kupukuta thukuta. "Si bomba ili," anatero. "Wina anakwirira loja yake."

Alamu anga anatola kansanza kamodzi. Analankhula motsitsa, koma pamene panali zii aliyense anamva. "Alamu, si kapulana wanu wa ku Cuamba uyu?"

Ndinafuna dzenje lomwelo lindimeze. Bambo Mateyu, amene chibwerere sitinawaonepo mano, anaseka mpaka kukhala pansi. Tsiku lomwelo ndinawapititsira tambala wopepesera, analandira akusekabe. Amayi a kumtsinje aja sanaseke msanga ayi, anandiuza mawu amene sindingabwereze pano. Koma chomwe chinandilasa ndi funso la alamu anga tili awiri kukhitchini. Anati, "Nanga mumabisira ndani?"

Tsiku la ulendo ndinavala kapulana wa alamu anga omwewo, ndipo mafuta amene ndinadzola anali awo, anachita kundipatsa okha ndisanapemphe. Amuna anga anandikweza pakaliyala wa njinga kulowera kumalire a Mandimba. Ndili khale pambuyopo, maso anagwera pa mapazi awo akupalasa. Zidendene zija zinkang'ambika ngati dambo la m'chilimwe, lero zosalala, zikuchita kunyezimira.

"Bambo a Julieta, zidendenezi zatani?"

Akupalasabe anati, "Ndinkangotapako pang'ono. Ukwatiwu si tikupita tonse?"

Ndikanakhala kuti sindinali pa njinga yothamanga, sindikudziwa chomwe chikanachitika. Ndinangowatsina m'nthiti mpaka njinga inapita kutchire.

Komabe ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati zodzola zapita, koma ku Namwera sakudziwa kanthu, ndikayenda mutu uli m'mwamba n'kuwauza za fodya wathu ndi nyumba yatsopano. Osadziwa kuti nkhani inali itawoloka kale malire ndi ogulitsa nyemba, koma inawoloka theka lokha. Tisanatsike n'komwe, Abiti Juma anathamanga kudzandikumbatira misozi ili chuchuchu.

"Mwana wanga, tamva zonse. Akuti bomba laphulika kuseri kwa nyumba yako, katundu yense wapita. Ife tinkanena kuti mwafulumira kubwerera, kwanu kuja nkhondo sinathe."

Amayi a pamudzi paja anandizinga, aliyense ali pepani, pepani, wina akundisisita msana, wina akuti taonani mmene waondera. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma ndikanayambira pati? Amuna anga anali uko akutsokomola chonamizira, mapewa akugwedezeka. Abiti Juma analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chawo chakale ndi chidutswa cha sopo wochapira.

"Kanyumba kako kaja kadakalipo," anatero. "Yamba wasamba ndi kameneka, usaoneke wotuwa pa ukwati."

Ndinagwada, anzanga, n'kulandira ndi manja awiri, mudzi wonse ukuonerera. Kuyambira tsiku limenelo, chomwe ndimakwirira m'nthaka ndi mbewu yokha. Kireme amakhala poyera pa zenera, ndipo wofuna kuba azingosamba kaye m'manja.